Makoswe oyera a m'labu atupa makosi, m'maso muli zofiira: kodi ndi matsagwidi?

Mphunzitsi_Linthipe:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa a zaziweto ndi aliyense amene anasungapo makoswe oyera. Pasukulu pathu timasunga makoswe ochepa m'kachipinda ka kuseri kwa labu, ophunzitsira Biology. Sabata ino asanu mwa iwo atupa pansi pa chibwano mpaka khosi silikuonekanso. Ukagwira pakumveka pofewa, palibe chotupa cholimba. Kuzungulira maso ndi mphuno kwauma zofiira zooneka ngati magazi. Akuyetsemula, ukatsegula zenera akutsinzina, ndipo chakudya chikutsala m'mbale. Palibe wafa. Anzanga ena akuti ndi matsagwidi, tiwaphe onse ana asanatengere. Ana a Fomu 4 ndi amene amasinthana kuwasesera ndi kuwapatsa madzi, ndiye mtima wanga suli m'malo.

NaBanda_waMayani:
Aphunzitsi, poyamba chotsani ana kumeneko lero lomwe. Zina tikambirana pambuyo. Ana a eni ake amenewo.

Mphunzitsi_Linthipe:
Ndawaletsa kale mayi, kiyi ndikusunga ndine.

Mlangizi_Bembeke:
Mwachita bwino. Koma khazikani mtima pansi pa nkhani ya matsagwidi. Matsagwidi ndi matenda a anthu okhaokha, mwana amatengera kwa mwana mnzake kudzera m'malovu ndi poyetsemula. Khoswe sawasunga ndipo sawapatsira munthu. Ndiyankheni mafunso awa musanachite kanthu. Kutupako kuli mbali zonse ziwiri kapena imodzi? Kwayamba pang'onopang'ono kapena mwangodzuka kuli tero? Pali mabala olumana? Ndipo pabwera khoswe wachilendo m'chipindamo posachedwa?

Mphunzitsi_Linthipe:
Mbali zonse ziwiri, bambo. Kwabwera mwadzidzidzi, Lachisanu anali bwinobwino. Mabala palibe. Achilendo alipo, aamuna awiri amene tinapatsidwa kuchokera ku Lilongwe sabata yatha kuti tisinthe mbewu. Koma iwowo ndi athanzi, sanatupe n'komwe.

Chimwene_waLizulu:
Tengani sirinji muboole, madziwo atuluke. Mbira zanga zikatupa pakhosi ndimatero ndipo zimachira.

Dotolo_waZiweto:
Ayi achimwene, asaboole. Ndifotokoza chifukwa chake, mupirire kutalika.

Zimene aphunzitsi alemba zikugwirizana kwambiri ndi matenda odziwika m'malabu padziko lonse, oyambitsidwa ndi sialodacryoadenitis virus, mwachidule SDAV. Anafotokozedwa koyamba mu 1961 ndi Innes ndi Stanton, ndipo vayirasi yakeyo inapezeka mu 1972. Imagwira tiziwalo topanga malovu ndi topanga misozi. Khoswe ali ndi mapeyala atatu a tiziwalo tikuluakulu ta malovu: parotid cha kumunsi kwa khutu, submandibular pansi pa nsagwada, ndi sublingual kamene kamamatirira pa submandibular. Vayirasiyi imawononga timitsempha todutsa malovu mu parotid ndi submandibular, koma sublingual imaisiya. Thupi likamalimbana nayo, timitsempha ta magazi pamenepo timayamba kudontha, madzi n'kulowa pakati pa tizigawo ta chiwalocho ndi m'mnofu wozungulira.

Apa ndi pamene kuboola kumalephera. Madziwo sali m'thumba limodzi. Alowerera mumnofu ngati madzi m'siponji. Khoswe wotere akafa n'kumutumbula, umapeza tiziwalo tatupa, tatuwa, tazunguliridwa ndi zonanda zoonekera. Singano siikoka kanthu, mungotsegulira khomo mabakiteriya, komanso pakhosi pamenepo pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi.

Zofiira za m'maso si magazi. Kuseri kwa diso la khoswe kuli kachiwalo kotchedwa Harderian kamene kamatulutsa utoto wofiira, porphyrin. Khoswe akadwala kapena akapanikizika umatuluka wambiri, n'kutsikira m'mphuno, ndipo podzipukuta amaupaka m'mikono yakutsogolo. Ngati m'labu mwanu muli tochi ya UV, walitsani mumdima. Porphyrin amawala mofiirira, magazi sawala.

Chimwene_waLizulu:
Nanga zanga zimachira bwanji a Dotolo? Sindikunama ine. Ndimafinya n'kutuluka zoyera zolimbirako.

Dotolo_waZiweto:
Simukunama, koma ndi matenda ena. Zoyerazo ndi mafinya. Kwa mbira, zotupa za pakhosi kawirikawiri ndi anabere amene agwidwa ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus zooepidemicus. Amalowera pa tizilonda ta m'kamwa, monga mbira ikabayidwa ndi udzu wouma. Chotupacho chimakhala chozungulira, chili ndi malire, ndipo mkati muli mafinya enieni. Chimenecho chimatheka kutsegulidwa. Koma ngakhale pamenepo ndikupemphani musamafinyire m'khola, chifukwa mafinyawo ndi amene amapatsira zinzake, ndipo bakiteriya ameneyu nthawi zina amagwira munthu. Valani magolovesi kapena kajumbo kumanja, ndipo mbira yotero isadyedwe.

Mayi_aTsangano:
Pepani ndilowererepo pa za mbirazo. Mwana wa mlongo wanga anapatsa mbira zake kapisozi wa amoxicillin wosungunula m'madzi chifukwa cha zotupa zomwezi. Zinayamba kutsegula m'mimba ndipo zambiri zinafa. Mpaka lero amati mankhwalawo anali otha ntchito.

Dotolo_waZiweto:
Mankhwalawo mwina anali abwinobwino, mayi. Mbira sizigwirizana ndi mankhwala a m'gulu la penicillin, monga amoxicillin ndi ampicillin. Amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo mwake, oipa n'kuchuluka, ndipo mbira imatha kufa m'masiku ochepa. Uzani onse oweta mbira kwanuko. Makapisozi a anthu asamafike kukhola la mbira.

Mnyamata_waChimbiya:
Ine ndafufuza dzina mwalembalo, akuti SDAV ndi coronavirus. Mukubisiranji zimenezi? Tinaika maliro ambiri mu 2021 ife. Aphunzitsi, otchani zonsezo ndi makhola omwe.

Wophunzira_Bunda:
Palibe akubisa achimwene. Ndi coronavirus inde, koma banja limeneli ndi lalikulu. Nkhuku zili ndi yake yoyambitsa chifuwa, ana a ng'ombe ali ndi yawo yotsegula m'mimba, agalu ndi amphaka chimodzimodzi. Ya makosweyi akhala akuidziwa zaka zoposa 50, anthu ogwira ntchito m'malabu akhala akugwira makoswe odwala nthawi yonseyi, ndipo siidziwika kuti imadwalitsa munthu.

Mnyamata_waChimbiya:
Covid nayonso ankati ndi ya nyama.

Mlangizi_Bembeke:
Mantha anu ndi omveka, sindikuwapeputsa. Koma ngati tikuopera ana, tiope zinthu zenizeni. Khoswe aliyense, woyera kapena wa m'nkhokwe, akhoza kupatsira munthu leptospirosis kudzera mumkodzo, salmonella kudzera m'ndowe, komanso malungo obwera akakuluma. Zimenezi zilipo ngakhale khoswe asanatupe khosi. N'chifukwa chake mwana wosesa khola ayenera kuvala magolovesi, kusamba m'manja ndi sopo, osadyera m'chipindamo, ndipo akalumidwa atsuke bala n'kupita kuchipatala. Aphunzitsi, zimenezi zizichitika masiku onse, osati sabata ino yokha.

Gogo_waKasina:
Ine nkhawa yanga ndi ina. Khoswe wotupa anabere sindiye chizindikiro cha mliri wa plague uja unavuta ku Nsanje mu 2002? Anthu ankatupa m'khwapa ndi m'mphechepeche.

Dotolo_waZiweto:
Funso labwino agogo. Mliri umenewo umayenda ndi nthata zochoka pa makoswe a kutchire ndi a m'nyumba, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi makoswe kufa ambiri nthawi imodzi. Apa palibe wafa, ndipo zizindikiro za m'maso ndi kuyetsemula zikuloza kwina. Komabe aphunzitsi ayang'ane ngati makoswewo ali ndi nthata, ndiponso ngati makoswe a kunja akulowa m'chipindamo usiku kudzadya zotsala. Akamalowa, tsekani mabowo ndi waya wa sefa. Makoswe a kunja amatha kubweretsanso SDAV yomweyi.

Mphunzitsi_Linthipe:
Nthata sindinaone, ndapesa ubweya ndi chipeso pa pepala loyera. Tochi ya UV tilibe. Koma a Dotolo, chikundizunguza mutu ndi ichi: achilendo aja ali bwinobwino. Angabweretse bwanji matenda amene iwo alibe?

Dotolo_waZiweto:
Zimachitika kawirikawiri. Kumalo kumene vayirasiyi yakhazikika, makoswe amaitenga ali aang'ono, amadwala pang'ono, mwina maso okha, n'kuchira. Chitetezo chake sichikhalitsa moyo wonse, ndiye amatha kuitenganso koma osaonetsa zizindikiro zooneka. Khoswe wotero amafika akuoneka wathanzi koma akutulutsa vayirasi kwa pafupifupi sabata imodzi. Anu sanakumanepo nayo, n'chifukwa chake yawagwira mwamphamvu. Imayenda mumpweya poyetsemula, pokhudzana, ndi pa zinthu monga utuchi, mabotolo a madzi ndi manja a wosamalira. Kuchoka pa kutenga kufika pa kutupa ndi masiku ochepa, osakwana sabata, zomwe zikugwirizana ndi nkhani yanu. Yembekezerani kuti otsalawo atupanso. Matendawa amagwira pafupifupi onse m'chipinda koma amapha ochepa kwambiri.

Ndinene poyera kuti uku n'kuganizira kuchokera pa zimene mwalemba. Kutsimikiza kumafuna kuyeza magazi kapena kuona tiziwaloto pa maikulosikopu. Wina akafa, musamutaye. Muikeni m'jumbo, pozizira koma osaumitsa, mukambirane ndi a zaziweto ku boma kuti akuthandizeni kufikitsa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe.

Technician_Ntcheu:
Ine sindikugwirizana ndi zodikira. Ndinagwirapo ntchito m'chipinda cha nyama zofufuzira, ndipo lamulo linali limodzi: matenda opatsirana akalowa, onse amaphedwa mwachifundo, chipinda chimatsukidwa, mumayambiranso ndi atsopano. Khoswe amene wadwala matendawa sungamudalire pa kafukufuku. Amatsika sikelo, aakazi amasokonezeka nyengo yokwerana, ena amafa ukawagoneka ndi mankhwala chifukwa njira ya mpweya yatupa, ndipo ena amatsala ndi maso owonongeka. Ukayeza mankhwala pa khoswe wotero sudziwa ngati kutupako kwabwera ndi mankhwala kapena vayirasi.

Wophunzira_Bunda:
Izo ndi zoona pa kafukufuku, akulu. Ndipo tiziwalo ta malovuti si tachabechabe kwa ofufuza. Stanley Cohen anapeza puloteni yothandiza maselo kukula yotchedwa epidermal growth factor mu 1962 kuchokera mu submandibular wa mbewa za m'labu, ndipo mu 1986 analandira mphotho ya Nobel limodzi ndi Rita Levi-Montalcini. Palinso mankhwala ngati isoproterenol amene amakulitsa tiziwaloti mwa makoswe popanda vayirasi iliyonse. Ndiye wofufuza ayeneradi kukhala ndi makoswe opanda matenda. Koma aphunzitsiwa sakuyeza mankhwala. Akufuna ana aone mtima, mapapo ndi matumbo. Khoswe wochira amakwanira pa ntchito imeneyo.

Technician_Ntcheu:
Nanga akadzapatsa sukulu ina mbewu? Matenda ayenda chigawo chonse.

Dotolo_waZiweto:
Nonse awiri muli ndi mfundo, ndipo njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito. Ubwino wa vayirasiyi ndi wakuti siikhalitsa m'thupi la khoswe wa chitetezo chabwino. Imapitirira pokhapokha ikamapeza atsopano oti iwagwire, makamaka ana obadwa kumene. Ndiye njira yachiwiri ndi kuitsekera. Lekanitsani aamuna ndi aakazi, pasakhale kubereka kwa masabata 6 mpaka 8. Pasalowe khoswe watsopano, pasatuluke khoswe kupita kwina. Onse akaitenga n'kuchira, imasowa kolowera n'kutha yokha. Kwa sukulu yopanda ndalama zogulira ena, ine ndingasankhe imeneyi. Pa nkhawa ya a Technician, yankho ndi lakuti asapereke khoswe kwa aliyense mpaka nthawiyo itadutsa.

Mphunzitsi_Linthipe:
Pali wamkazi mmodzi ali ndi bere, akuoneka kuti watsala pang'ono.

Dotolo_waZiweto:
Bere la khoswe ndi masiku 21 mpaka 23, ndiye palibe chochita, aswa basi. Anawo akhoza kudwala maso, ndipo masabata aja muyambe kuwerenga kuchokera pamene ana omalizawo abadwa, osati lero. Akaleka kuyamwa, pa masabata atatu, alekanitseni msanga aamuna ndi aakazi.

Bambo_aKampepuza:
Ine ndikudabwa nazo. Anthu akusowa mankhwala m'zipatala, ife tili pano kukambirana khosi la khoswe. Kwathu kuno khoswe timamupha ndi msampha.

NaBanda_waMayani:
Mankhwala mukuwasowawo anayamba ayesedwa pa makoswe omwewa, bambo. Ndipo mwana wanga akufuna udotolo, akaphunzirira pa chiyani?

Gogo_waKasina:
Komanso ku Morogoro ku Tanzania bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza makhololo a TB ndi mabomba okwirira pansi. Agwira ntchito yaikulu ku Mozambique kuno. Si nyama zonse za mtunduwu zongodya chimanga m'nkhokwe.

Mnyamata_waChimbiya:
Popeza tafika pamenepa, nanga mbewa zimene timagula pamsewu wa M1 zija? Nyengo yake ndi ino. Zingakhale ndi matenda amenewa?

Mlangizi_Bembeke:
SDAV ndi ya makoswe, ndipo vayirasi ya mtunduwu siipirira moto. Mbewa yophikidwa bwino n'kuumitsidwa vuto lake si limeneli. Amene ali pachiopsezo ndi anyamata okumba ndi otumbula, chifukwa amagwira mkodzo, magazi ndi nthata ndi manja opanda kanthu. China choopsa ndi mbewa zophedwa ndi mankhwala a makoswe kapena a m'munda. Mbewa yopezeka itafa kale isatoledwe. Ndipo chonde kusaka mbewa kusamathere pa kutentha tchire, mapiri a Dedza atha ndi moto umenewu.

Mayi_aTsangano:
Pamoto pamenepo mwanena zoona. Chaka chatha moto wa osaka mbewa unalowa m'munda mwa mnansi wanga n'kupsereza mapesi onse amene anasungira ng'ombe.

Admin_Dedza:
Tibwerere kwa aphunzitsi abale. Za moto titsegule mutu wina, ndi nkhani yofunika payokha.

Mphunzitsi_Linthipe:
Zikomo a Admin. Lero atupa ena atatu monga mwanenera a Dotolo. Tsono ndiwapatse chiyani? Mnzanga wabwera ndi oxytetracycline wa nkhuku uja wa ufa.

Dotolo_waZiweto:
Musungeni kaye. Mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu pa vayirasi, ndipo mukawathira m'madzi makoswe amatha kuleka kumwa chifukwa cha kuwawa, pamene panopa madzi ndi amene akufunika kwambiri. Chimene chimafooketsa khoswe wotupa khosi ndi kulephera kutafuna ndi kumeza. Chakudya cholimba chinyowetseni chikhale phala. Phala la mgaiwa losakaniza ndi soya wokazinga, dzira lophika lophwanya, nthochi yakupsa, zonsezi amadya. Ikani m'kambale pansi, asavutike kutukula mutu. Chotsala chotsani madzulo chisasase. Botolo la madzi litsitseni, ndipo yesani ndi chala ngati likutulutsadi madzi.

Chepetsani kuwala, tchingani zenera ndi nsalu, chifukwa maso akuwawa ndipo misozi yachepa. Zouma za m'maso pukutani ndi thonje loviika m'madzi owiritsa ozizira othira mchere pang'ono, thonje lake khoswe aliyense. Mankhwala adzafunika pokhapokha wina akayamba kupuma movutikira, kulira m'chifuwa, kapena diso likachita mtambo kapena chilonda. Makoswe ambiri amakhala kale ndi bakiteriya wotchedwa Mycoplasma pulmonis m'mapapo, ndipo vayirasiyi imatha kumudzutsa. Zikatero itanani alangizi a ziweto amuone n'kumuyeza kulemera, osangothira mankhwala mwachiyerekezo.

Technician_Ntcheu:
Ndiwonjezere za chipinda, popeza mwasankha kusunga. Kuzizira kwa Dedza mu June ndi July kumapangitsa anthu kutseka mazenera onse, ndiye fungo la mkodzo limadzaza. Ukalowa maso n'kuyamba kuyabwa, dziwa kuti amoniya wachuluka, ndipo khoswe amene mphuno yake ili pa utuchi penipeni akuvutika kuposa iwe. Makoswe amafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 26, koma mpweya uziyenda. Musaike mbaula ya makala m'chipindamo, mudzawapeza onse atafa m'mawa. Apatseni mapepala ong'ambang'amba apange zisa, ndipo akhale awiriawiri kapena atatu azifunditsana. Utuchi wa paini wa kumacheka kuno uli ndi fumbi ndi fungo la utomoni zimene zimayabwa m'mphuno. Sefani fumbilo, muuyanike padzuwa uume bwino, ndipo muzisintha kawiri pa sabata. Utuchi wakale otchani, musathire kumunda wa sukulu panopa. Makhola ndi mabotolo tsukani ndi sopo kenako Jik wosungunula, tsukuluzani bwino. Vayirasiyi siilimba pa sopo.

Mlangizi_Bembeke:
Funso lina aphunzitsi, masiku onse amadya chiyani? Ndikufunsa chifukwa ndaonapo ziweto zazing'ono zodyetsedwa madeya okhaokha zikutupa madzi. Mapuloteni akachepa m'magazi, madzi amatuluka m'mitsempha. Makoswe okalamba amathanso kutupa chifukwa cha impso.

Mphunzitsi_Linthipe:
Madeya, chakudya cha nkhuku cha growers tikachipeza, masamba a kabichi ndi zotsala za kukhitchini ya ana ogonera.

Dotolo_waZiweto:
Kutupa kwa njala kapena kwa impso kumabwera pang'onopang'ono, kumaoneka m'miyendo ndi pamimba, ndipo sikubwera ndi kuyetsemula. Apa si zimenezo. Koma a Mlangizi akhudza poyenera, chakudyacho n'chochepa mphamvu. Onjezerani soya wokazinga kapena usipa wosinja. Zotsala za kukhitchini zamchere ndi mafuta ambiri zichepe.

Ndipo kwa ena owerenga, si khosi lililonse lotupa lomwe ndi SDAV. Khoswe mmodzi yekha akatupa mbali imodzi, ganizirani chithupsa cha polumana, chotupa cha bere popeza mnofu wa mabere a khoswe umafika mpaka m'khosi, kapena njira ya malovu yotsekeka kapena yong'ambika imene imasonkhanitsa malovu m'kathumba. Kathumba kameneko ndiko kamatulutsa madzi onanda ukakaboola, koma kamadzadzanso.

Chimwene_waLizulu:
Nanga mbira zanga zingatengere kwa makoswe a aphunzitsiwa? Mwana wa achemwali anga amaphunzira cha komweko ndipo amabwera kuno pa holide.

Dotolo_waZiweto:
Ayi, mbira sizitenga SDAV. Inuyo samalani za mafinya zija, patulani yotupa, ndipo muzizipatsa masamba aawisi tsiku lililonse. Mbira sizipanga vitamin C m'thupi mwake, ikasowa zimatupa mfundo za miyendo ndi kutuluka magazi m'nkhama. Ku Lizulu masamba simungasowe.

Mphunzitsi_Linthipe:
Ndibweretse uthenga. Asanu oyamba aja makosi ayamba kuphwa ndipo phala akumaliza. Mmodzi diso lakumanzere lachita mtambo ndipo latukuka kuposa linzake, alangizi a kuno amuona ndipo apereka mafuta a m'maso. Wamkazi uja waswa ana asanu ndi anayi. Aamuna ndawasamutsira m'makhola awo. Ahedi avomera kuti practical ya kutumbula tiichite teremu ya mawa.

NaBanda_waMayani:
Nanga ana ayambiranso liti kulowamo?

Dotolo_waZiweto:
Ine ndingati adikire mpaka masabata aja atatha, osati poopa kuti adwala, koma manja ambiri amanyamula vayirasi kuchoka khola lina kupita lina, ndipo ena mwa anawo kwawo kuli makoswe a m'nyumba. Wosamalira akhale mmodzi, ndi gawuni yake yosatuluka m'chipindamo. Diso lotukukalo mwina silibwerera, muziliyang'ana tsiku lililonse, likaphulika kapena khosweyo akaleka kudya ndi bwino kumupumitsa mwachifundo.

Technician_Ntcheu:
Ndipo mukadzalandiranso ena, kaya achokera kuti, akhale m'chipinda china milungu inayi, ndi mbale zawo ndi botolo lawo, muziwasamalira pomaliza mukathana ndi akale. Amene anakupatsani aja mwawauza? Ayenera kudziwa kuti kwawoko ilipo asanapatsenso sukulu ina.

Mphunzitsi_Linthipe:
Ndawaimbira dzulo. Akuti ana a makoswe awo amakhaladi ndi maso omatirira akamayamwa koma amachira okha, ankayesa ndi fumbi la utuchi. Apempha nambala ya a Dotolo, ndingawapatse?

Dotolo_waZiweto:
Auzeni andilembere ku inbox, ndipo anene kuti ali ndi makoswe angati, aakazi a bere ndi angati, komanso apereka kwa ndani mwezi uno.